Madzi osefukira akaphwa: momwe mungapulumutsire munda ndi msewu wa kumudzi

Mvula ya pakati pa Januwale ndi Malichi ndi imene imabereketsa chimanga, ndipo ndi yomweyonso imachigwetsa. Anthu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje, Zomba ndi Karonga amazidziwa bwino zimenezi. Mu Januwale 2015 boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi ya madzi osefukira. Mu 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira magetsi n'kuvuta kwa miyezi yambiri, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000. Komabe zaka zambiri mlimi amalira ndi mvula imene dzina lake silimveka pawailesi: yavumba masiku atatu osakata, kamtsinje ka kuseri kwa mudzi kadzaza, madzi agona m'mizere, kalavati watsekeka, msewu wopita kumsika waduka.

Malangizo awa ndi a masiku otsatira mvula yotere. Chachikulu n'chakuti muchotse madzi msanga, kenaka musankhe mosadzinamiza mbali ya munda imene ingapole ndi imene yapita, kuti mphamvu, mbewu ndi feteleza wotsalayo zipite pamene zingakubwezereni kanthu.

1. Tsiku loyamba, samalani anthu kaye

Mtima umafuna kukaona chimanga mbandakucha, koma dikirani madzi asiye kuthamanga. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo pansi pake simuona dzenje kapena chitsa. Kuchigwa cha Shire ng'ona zimatsata madzi mpaka m'minda momwe sizifikamo masiku onse. Njoka nazo zimathawira pachulu ndi pamilu ya zinyalala, malo omwewo amene inu mungakwerepo pothawa matope. Tengani ndodo yaitali, valani majombo ngati alipo, ana atsale pakhomo.

Chitsime kapena mjigo umene unamira musamwe madzi ake osawiritsa kapena osathira kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Zimbudzi zikagumuka zonse zimathera mmenemo. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022, atangodutsa anamondwe a Ana ndi Gombe, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Mukafika kumunda jambulani ndi foni musanakhudze chilichonse, ndipo lembani m'kope kukula kwa malo omwe amira, mbewu yake ndi msinkhu wake. Izi mukazipereke kwa amfumu, kwa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kwa alangizi a zaulimi, chifukwa kaundula amene amapita kukhonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amayambira pamenepo. Nenani zoona. Mudzi ukazolowera kukokomeza, tsiku limene wavutikadi anthu amaukayikira.

2. Atsegulireni madzi njira

Mizu imapuma ngati ife. Dothi likadzaza madzi mpweya umatha, mizu n'kuyamba kuola. Chimanga chosafika m'mawondo chikamira chonse kunja kukutentha, chimatha kufa pa masiku awiri okha. Chimene masamba ake ali pamwamba pa madzi chimapirira masiku angapo, koma tsiku lililonse chikutaya mphamvu. N'chifukwa chake ntchito iyi siidikira mawa.

Yendani m'malire a munda mupeze potsika penipeni pamene madzi akufuna kutulukira. Yambirani kukumba ngalande pamenepo, kumunsi, n'kumabwerera chokwera. Mukayambira kumtunda madzi amakutsatirani n'kumagumulira dothi mu ngalande imene mukukumbayo. Izamepo pang'ono kuposa pakati pa mizere, koma isatsetsereke kwambiri, chifukwa ngalande yothamangitsa madzi chaka chamawa idzakhala chigwembe. Ngati munamanga ngonyeka zosunga madzi m'mizere, zitseguleni ndi khasu m'malo momwe madzi agona. Mudzazitsekanso mvula ikayamba kudukiza.

Musatsegulire madzi m'munda mwa mnzanu usiku. Milandu yambiri ya dzinja kwa amfumu imayamba choncho. Itanani eni minda ya kumunsi, mugwirizane njira imodzi yopita kudambo kapena kumtsinje, aliyense akumbe gawo lake. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: funsani agogo a m'mudzimo pamene madzi ankadutsa kale anthu asanalimepo, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti ndi pomwepo pamene akuvutira lero.

Madzi akatuluka, musapondeponde m'munda kapena kulowetsamo ng'ombe ndi ngolo. Dothi lonyowa likatsenderezeka limauma ngati njerwa.

3. Chiyeseni chimanga musanagamule

Apa ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama. Ena amazula munda wonse ndi mkwiyo pamene chimanga chikanapola, ena amathira thumba lotsiriza la feteleza pa chimanga chakufa kale. Dikirani masiku atatu mpaka asanu madzi ataphwa, kenaka chitani izi.

Zulani mapesi angapo m'malo osiyanasiyana, pokwera, potsika ndi pakati. Tsukani mizu. Yoyera ndi yolimba ndi yamoyo. Yakuda, yoterera, yonunkha ngati zovunda ndi yakufa. Kenaka ng'ambani phesi ndi mpeni kuchokera kumizu kukwera m'mwamba, muone mtima wake, pamene masamba atsopano amachokera. Pa chimanga chaching'ono mtimawu umakhala pansi penipeni, pafupi ndi dothi. Ukakhala woyera kapena wachikasu pang'ono komanso wolimba, chimangacho chidzuka ngakhale masamba akunja aoneke omvetsa chisoni. Ukakhala wofiirira ndi wofewa, chapita. Chizindikiro china ndi kansonga katsopano kobiriwira kotuluka pakati. Kakaoneka, chimangacho chayambanso kukula.

Tsopano werengani. Ngati munabzala mbewu imodzi paphando motalikana masentimita 25 monga alangizi amaphunzitsira, mzere wa mamita 10 umakhala ndi mapesi 40. Werengani amoyo pa mizere ingapo. Mmene ine ndimaonera, pamene patsala oposa theka pasungeni ndipo pasamalireni. Pamene patsala osafika limodzi mwa magawo atatu pasiyeni, pakonzekere mbewu ina. Za pakatikati, siyani chimanga chotsalacho ndipo m'mipatamo bzalani khobwe kapena nyemba, osati chimanga china, chifukwa chobwerezacho chimaphimbidwa ndi chachikulu ndipo sichibereka bwino. Khomani zikhomo pamalire a zigawo zimenezi kuti aliyense wa pabanjapo adziwe pamene feteleza apite ndi pamene asapite.

Chimanga chogwa musachikoke ndi manja kuti chiime. Mizu yotsalayo imaduka. Ngati sichinamasule ngayaye, chimadzipinda chokha n'kuyang'ananso kumwamba pakangopita masiku ochepa. Dothi likauma moti silikumata khasu, bandirani kuti mizu imene yaonekera ikwiririke ndipo mizere yophwasuka idzukenso. Kubandirako kumaswanso chikhakha cha matope chimene chimatseka mpweya pamwamba pa dothi.

4. Feteleza

Mvula yochuluka imatsuka chakudya chobiriwitsa mbewu, chija timachipeza mu Urea ndi CAN. Chizindikiro chake ndi masamba a m'munsi kuyamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata msempha wa pakati. Koma chikasu cha masiku oyambirira chimabweranso chifukwa mizu yabanika, ndiye musafulumire. Feteleza wothira m'matope kapena m'madzi oima amangopita. Finyani dothi m'dzanja: likatulutsa madzi kapena kumata zala, dikirani; likaumbika koma n'kuyoyoka mukalikhudza, nthawi yakwana.

Bayani dzenje ndi kamtengo pafupifupi masentimita 10 kuchokera paphesi, thirani muyezo umene alangizi anakuuzani, n'kukwirira. Urea wosakwirira amauluka ndi dzuwa. Ngati muli ndi wochepa, yambirani kugawo limene munapeza mapesi amoyo ambiri. Chimanga chimene chamasula kale ndipo ndevu zake zayamba kufota sichipindulanso kwenikweni ndi feteleza, musungireni kudimba.

Amene alibe ndalama yogulira thumba lina angathe kutambasula wochepayo popanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kutsekera m'thumba la pulasitiki. Amafuna masiku 21 kuti apse, choncho chimanga chimene chili m'munda lero sangachithandize, koma mukawapanga sabata ino adzakhala okonzeka pobzala kudimba.

5. Mchenga ndi matope osiyidwa ndi mtsinje

Matope akuda osalala ndi chonde, asiyeni. Mchenga ndi nkhani ina. Alimi a m'mbali mwa mitsinje ya Ruo ndi Mwanza amadziwa munda wosanduka bwalo la mchenga usiku umodzi. Kumbani ndi khasu muone kuya kwake. Ngati khasu likufika padothi lakale, tembenuzani kuti zisakanikirane ndipo onjezani manyowa. Ngati ndi wakuya kuposa apo, musalimbane nawo chaka chino. Ukokereni m'milu pamalo ochepa amene mungathe, ndipo pamene mchenga wasakanikirana ndi dothi pabzaleni mbatata.

6. Kubzalanso: funsani mwezi

Madzi akabwera kumayambiriro kwa Januwale, chimanga chocha msanga monga Kanyani chingathe kufika, makamaka kumadera kumene mvula imachedwa kutha. Dziwani kuti chimanga chochedwa chimakondedwa ndi mbozi za ntchemberezandonda, zomwe zakhala zikutivuta kuyambira nyengo ya 2016/17. Muzichiyendera kawiri pasabata, m'mawa, kuyang'ana munsonga ngati muli ndowe zake zonga utuchi.

Febuluwale akafika, chimanga cha kumtunda chisiyeni. Ndikudziwa kuti banja lopanda chimanga m'munda limadziona ngati silinalime, koma mvula yotsalayo siingachikhwimitse. Mbewu imene imapulumutsa anthu mwezi uno ndi mbatata. Dulani mbewu yake kunsonga za kholowa wathanzi, yotalika masentimita 30, kwirirani magawo awiri mwa atatu pamzere, motalikana masentimita 30. Mitundu yofiira mkati monga Kaphulira, Chipika, Kadyaubwerere, Mathuthu ndi Anaakwanire ili ndi vitamini A wofunika kwa ana, ndipo masamba ake mumayamba kudya ngati ndiwo mbatatayo isanakhwime. Mbewu ya mbatata imasowa madzi akangosefukira chifukwa aliyense amaifuna nthawi imodzi, ndiye pitani kwa abale a kumtunda lero lomwe. Khobwe nayenso amacha pa miyezi iwiri ndi theka ndipo amapirira mvula ikadula.

Kuyambira Malichi maso akhale kudimba. M'madambo akuluakulu a kuchigwa monga Elephant Marsh ndi Ndindi, anthu amabzala chimanga, nyemba ndi maungu potsata madzi akamaphwa, ndipo mabanja ambiri chakudya chenicheni amachipeza pamenepo. Sungani mbewu ndi feteleza wa ntchitoyi pamalo ouma, pokwera. Chimene ndikupemphani n'chakuti musalime kufika m'mphepete penipeni mwa mtsinje. Bango, nsenjere, nsungwi ndi mitengo ya m'gombe ndi zimene zimagwira dothi. Zikapita, mtsinje umadya munda wanu womwewo.

7. Mbewu zokhwima zimene zanyowa

Chinangwa sichipirira dothi lodzaza madzi. Chikamira masiku angapo, kumbani chimene chakula, sendani, dulani tizidutswa topyapyala, yanikani makaka. Mbatata yokhwima chimodzimodzi, ikumbeni isanaole.

Zisononkho zimene zagwera m'matope thyolani msanga, sendani makoko, yanikani pathandala kapena palona, osati padothi. Zisasakanizidwe ndi chimanga chabwino. Chilichonse chooneka ndi chuku, chobiriwira, chakuda kapena chotuwa, chitayeni pokwirira. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika, sathanso ndi kukonola, ndipo amaononga chiwindi komanso kupinimbiritsa ana. Musapatse nkhuku kapena nkhumba, musafululire mowa. N'zowawa kutaya chakudya m'chaka cha njala, koma chimenechi n'chosayenera kulowa mumphika. Mtedza nawo usankheni mosamala chomwecho. Ndiwo zamasamba ndi tomato zomwe zinamira m'madzi odutsa kuzimbudzi musazidye zosaphika.

Mbuzi zichotseni m'matope, chifukwa ziboda zimaola. Khola la m'mwamba limathandiza kwambiri pa nthawi ngati ino.

8. Zigwembe

Chigwembe chimakula chobwerera kumtunda, choncho yambirani kumutu kwake. Patutsani madzi amene akugweramo, yalani miyala pamene akugwerapo, kenaka khomani mizere iwiri ya zikhomo yopingasa chigwembecho, n'kulongeza miyala kapena nthambi pakati. Pakati pa tchingo lililonse pakhale potsikirapo kuti madzi azidumpha pamenepo m'malo moboola m'mbali. Matchingo aafupi angapo amagwira ntchito kuposa limodzi lalitali. Bzalani vetiva, nsenjere kapena nthochi m'matope amene ayambe kudikha, panopa chinyezi chilipo. Kuyeza akalozera ndi kukonzanso mizere kuti ipingase chitunda ndi ntchito ya chilimwe, koma malo amene madzi anaboola muwaike chizindikiro lero, chifukwa pofika Ogasiti mudzakhala mutaiwala.

9. Msewu

Mbatata ndi khobwe mwabzalayo adzafuna njira yopitira kumsika, feteleza adzafuna njira yobwerera, ndipo mayi woyembekezera akufuna njira usiku uno. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe loona za misewu la Roads Authority, ing'onoing'ono ya m'midzi ndi ya khonsolo, koma giledala siifika mudzi uliwonse chaka chilichonse. Zambiri zimene zimapha msewu wafumbi mudzi ungathe kuzikonza ndi makasu, mafosholo, mapiki ndi wilibala.

Amfumu aitane tsiku lachitukuko. Lisanafike, anthu awiri kapena atatu ayende msewu wonse mvula itangokata, madzi akadayenda, aone pamene akulowera mumsewu ndi pamene akusowa potulukira. Mudzadabwa kuona kuti kuonongeka kwa mtunda wautali kwayambira pa kalavati mmodzi wotsekeka ndi mapesi, mapulasitiki ndi mchenga.

Yambani ndi makalavatiwo. Tsegulani kaye kumene madzi amatulukira, n'kukonza ngalande yopitirira kutsogolo kwake, kenaka chotsani za mkati ndi nsungwi yaitali, n'kutsiriza ndi kolowera. Munthu asalowe mkati madzi akadali oima kumtunda kwake. Zimene mwatulutsa zitayeni kutali, kumunsi, apo ayi mvula yotsatira izibwezera momwemo.

Kenaka ngalande za m'mbali. Chotsani mchenga, koma udzu waufupi wa m'mphepete ingoutchetchani, musauzule. Chofunika kwambiri, chimene midzi yambiri imaiwala, ndi timingalande totulutsa madzi kuchoka m'ngalande ya m'mbali kupita kutchire kapena kudambo. Tikumbeni pafupipafupi, ngati n'kotheka pa mamita 20 aliwonse potsetsereka, kuti madzi asachuluke n'kupeza mphamvu. Eni minda ya m'mbali mwa msewu amakonda kutitseka poopa madzi, ndiye akhalepo pokambirana. Madzi ochepa olowa m'malo ambiri saononga ngati ochuluka oboola malo amodzi. Iwonso asalime mizere yoloza kumsewu. Pamtsetse, ikani mizere ya miyala kapena zikhomo yopingasa ngalande kuti madzi azichepa liwiro.

Msewu ukhale ndi msana. Pa msewu wa mamita 4 mulifupi, pakati pakwere ndi masentimita 10 mpaka 15 kuposa m'mbali, kuti dontho lililonse lithawire kungalande m'malo moyenda m'mikwasa ya matayala.

Pokwirira maenje, kapani madzi ndi kuchotsa matope onse mpaka mufike polimba. Thirani dothi la timiyala lonyowa pang'ono, kuya kwa chikhatho chimodzi, tsenderani ndi chipika kapena munsi wakale, thiraninso, tsenderaninso, mpaka pakwere pang'ono kuposa msewu. Udzu, mapesi, masamba a nthochi ndi dothi lakuda la kudambo musaikemo. Galimoto imodzi idutsa, yachiwiri ititimira. Pamalo a lowe yalani miyala ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba. Malole olemera ndi ngolo zodzaza apemphedwe kudikira tsiku limodzi kapena awiri mvula ikagwa yambiri, chifukwa ulendo umodzi pa msewu wofewa umafafaniza ntchito ya mudzi wonse.

Mlatho ndi nkhani ya akatswiri. Ngati madzi akumba kuseri kwa khoma lake, ngati pali mng'alu, kapena dothi lolowera pamlatho lakhuthuka, tsekani ndi mitengo ndi miyala mbali zonse ziwiri, patali ndithu kuti wakabaza wobwera usiku aone msanga, ndipo mangirirani nsalu yowala. Matumba a mchenga angaletse dothi kupitirira kugumuka, koma asakupusitseni kuti mlathowo wachira. Achinyamata amene amaolotsa anthu ndi njinga pamalo oduka amathandiza, koma amfumu aikepo lamulo: wodwala, mwana wa sukulu ndi maliro asalipitsidwe, ndipo madzi akakwera aliyense adikire. Amayi amene masiku awo ayandikira apite kuchiyembekezero msewu usanadukenso, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku akatenge okwanira.

10. Lembani kukhonsolo

Dandaulo la pakamwa limathera panjira. Komiti yachitukuko ya m'mudzi (VDC) ilembe kalata yopita ku komiti yachitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC) ndi kukhonsolo, khansala ndi phungu alandirenso yawo, popeza thumba lachitukuko cha dera la phungu (CDF) limatha kugwira ntchito za milatho ing'onoing'ono ndi makalavati. M'kalatamo mukhale dzina la msewu ndi midzi imene umalumikiza, malo enieni oonongeka, kutalika ndi kuya kwake m'mamita, tsiku limene zinachitika, sukulu, chipatala ndi msika zimene anthu akulephera kufikako, ndi zithunzi. Onjezani zimene mudzi wachita kale ndi zimene ungapereke, monga miyala, mchenga ndi anthu ogwira ntchito. Pemphaninso kuti zigwembe ndi mitsinje ya kumtunda kwa msewuwo ziikidwe pa ntchito za M'bwezera Chilengedwe, pulogalamu ya boma yobwezeretsa chilengedwe, ngati zikuchitika m'dera lanu. Wolandira kalatayo asaine pa ina yofanana nayo imene mutsale nayo, ndipo mlembi wa VDC akaifunse pa msonkhano wotsatira wa ADC.